Nsalu Yoyera pa Ampulifaya ya ku Nkhulambe

1976

M'chaka cha 1976 ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo ndinayamba ntchito pa shopu yokonza mawayilesi pa Phalombe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Sindichita nazo manyazi. Mwini shopu anali a Kachingwe, munthu wamfupi, wosaseka, amene ntchitoyi anakaiphunzira ku Halale. Tsiku loyamba anandipatsa wayilesi yakufa ndi mita yoyezera magetsi. "Undiuze chafa m'menemo," anatero. "Ukalephera, khasu likukudikira kwanu ku Nkhulambe." Ndinakhala nayo mpaka dzuwa kupendeka, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinapeza kachipangizo kopsa kotchedwa resisita. Sananene kuti ndachita bwino. Anangoti, "Mawa usachedwe."

Patapita zaka zingapo tinayamba kupanga tokha maampulifaya, chifukwa mipingo ndi masukulu ankafuna zokuzira mawu koma za m'sitolo sakanazikwanitsa. Apa ana anga mumvetse, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Anthu akatsegula ampulifaya amayang'ana matiranzisita akuluakulu omangidwa pa chitsulo chozizitsira. Koma amene amawalamula ndi kagawo kakang'ono kamene mabuku amati karenti sosi. A Kachingwe ankakatcha mpopi. Ntchito yake ndi kupereka magetsi pa mlingo umodzimodzi nthawi zonse. Mpopi ukapereka zochepa, mawu amatuluka okanda ngati a munthu wachimfine. Ukapereka zambiri, matiranzisita akuluakulu aja amatentha. Akatentha amakoka magetsi ochuluka, akakoka amatenthanso, mpaka amapsa. Ndipo sapsa okha, amatenga ndi sipika yomwe.

Buku limene tinali nalo linkati pa mpopi pakhale tiranzisita imodzi ndi madayodi awiri. Madayodi amenewo ku Phalombe kunalibe, ku Limbe ankapezeka mwa apo ndi apo. A Kachingwe anaika maresisita awiri m'malo mwake, ochotsa m'mawayilesi akufa. Kutchuna kwake kunali kotere. Umaika mita, n'kumapotokola kapoti, kachipangizo kochepetsera kapena kuonjezera magetsi, ndi sikuludiraiva mpaka mita iwerenge mamiliampu asanu. Kenako umaisiya ikulira theka la ola, n'kuika chala pa chitsulo chozizitsira. "Werenga mpaka khumi," ankatero. "Chala chikapirira, mpatse mwiniwake. Chikathawa pa seveni, ndi bomba limenelo." Njira imeneyi ndinayenda nayo zaka makumi anayi.

1988 mpaka 2014

A Kachingwe atamwalira mu 1988, ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina limene linkachititsa misonkhano ya alimi m'midzi. Ine ndinali wa zokuzira mawu. Ananditumiza kwa Mkhumba zaka zisanu ndi zinayi, kenako kwa Nazombe mpaka kupuma. Batire ya galimoto pa kaliyala wa njinga, ampulifaya kumsana, sipika m'dengu. Misonkhano inkachitikira pansi pa mitengo ya mango, mphepo ikuwomba.

Bwana amene ndinakhala naye nthawi yaitali anali a Jere, ochokera ku Blantyre. Zipangizo sankagula. Ndikapempha matiranzisita ankati, "A Muhiwa, inu si aja mumadzutsa zakufa? Dzutsani." Ndinkayenda m'midzi kupempha mawayilesi otayidwa, ena ndikuwatola m'makola a nkhuku. Tsiku lina kwa Nazombe anabweretsa ampulifaya yatsopano ya m'sitolo, yonyezimira, kuti andichititse manyazi. Inapsa msonkhano usanafike pakati. Ndinatulutsa yanga m'thumba la feteleza, msonkhano n'kupitirira. Pobwerera a Jere anati, "Kodi zanuzi sizipsa?" Ndinati, "Sinapsepo ngakhale imodzi." Mawu amenewo anafalikira. Kuyambira kwa Mkhumba mpaka kwathu anthu ankati cha a Muhiwa sichipsa. Ndinapuma ntchito mu 2014 wopanda nyumba ya malata ambiri, wopanda ng'ombe. Chimene ndinabwera nacho ku Nkhulambe ndi mbiri imeneyo basi.

Juni mpaka Seputembala 2019

Mpingo wathu unamanga tchalitchi chatsopano. Njerwa tinaumba tokha, banja lililonse ndi gawo lake, zaka zinayi. Tsiku lotsegulira analiika mu Okutobala. Mkulu wa mpingo, a Mukhuna, anabwera kwathu nandipeza ndikuyanika makaka. "Tsikulo kudzabwera anthu oti m'tchalitchi sadzakwanamo," anatero. "Abusa adzawerenga mayina a onse amene anaumba njerwa. Wakunja adzamve dzina lake ngati ali m'kati. Ena amati tikabwereke zokuzira mawu ku Migowi, ine ndati ayi, tili ndi a Muhiwa." Ndinavomera. Ndinati ndipanga yaikulu kuposa zonse zimene ndinapangapo, ndipo ndidzaikapo masipika awiri amene a Kachingwe anandisiyira.

Ndinaipanga mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikutsika m'phiri, ine nditavala jekete m'nyumba. Ndinatchuna mpopi pa mamiliampu asanu. Chala chinapirira mpaka makumi awiri. Mawu anali oyera.

Mu Ogasiti kunabwera mkulu wanu Esinati, amene anaphunzira za magetsi ku koleji ndipo amaphunzitsa ku Blantyre. Anabwera ndi laputopu. Anayang'ana m'kati mwa ampulifaya nthawi yaitali, ndipo kayang'anidwe kakeko sikanandisangalatse.

"Bambo, mundilole ndiijambule mu kompyuta."

"Kuti itani?"

"Kompyuta imayeserera. Ndikaiuza zipangizo zonse ndi mmene mwazilumikizira, imawerengera mmene magetsi ayendere. Ndingathe kuiuza kuti kwatentha, kapena kuti magetsi akwera, n'kuona chimene chichitike popanda kuwotcha kanthu."

"Kompyuta yakoyo ili ndi chala?"

Anaseka. "Ilibe. Koma chala chanu chinayeza mu Julaye. Mwambo uli mu Okutobala."

Ndinamuwerengera zipangizo chimodzichimodzi, iye akulemba. Pa galasi panatuluka mzere wobiriwira, wowongoka. "Awo ndi mamiliampu anu asanu," anatero. "Mwatchuna bwino, sindikukana." Kenako anasintha nambala ina, mzere uja n'kukwera. "Uku ndi kutentha kwa m'bokosi pansi pa malata masana. Tili pafupi ndi sikisi." Anasinthanso ina. "Tsikulo mudzagwiritsa ntchito batire?" Ndinati ayi, iyi ndi yaikulu, a Mukhuna adzabwereka jenereta. "Jenereta ya kuno imakwera ndi kutsika mmene yafunira. Maresisita anu awiriwa amangotsatira. Magetsi akakwera, mpopi umatseguka." Mzere unadutsa seveni. Mzere wachiwiri, wofiira, wa matiranzisita akuluakulu, unangoima chilili n'kutuluka pamwamba pa galasi.

Ndinauona bwino mzerewo. Koma pakamwa ndinati, "Zaka makumi anayi sinapsepo."

"Pa batire, bambo, pansi pa mtengo. Batire simakwera."

Anatulutsa kanyali kofiira, kamtundu uja kamayaka pa chaja ya foni. Anati ndichotse resisita imodzi ndiikepo kanyaliko, chifukwa magetsi akakwera iko sikasuntha, ndipo kukatentha kamasintha limodzi ndi tiranzisita. Anatinso ndimange katiranzisita kena pa chitsulo chozizitsira kuti kazimva kutentha n'kumabweza magetsi. Anaziika mu kompyuta, mzere unagona phee. "Ntchito ya ola limodzi," anatero.

"Kanyali ka zidole," ndinatero. "A Kachingwe sanaikepo nyali mu ampulifaya. Iwe unayamba liti kugwira waya? Fizi yako inachoka mu maresisita omwewa."

Esinati anatseka laputopu. Anaika kanyaliko m'bokosi la machesi, nalisiya pa tebulo langa, m'mawa mwake n'kukwera kabaza.

Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale pansi. Ndikamalima ndinkaona mzere wofiira uja. Chakumapeto kwa Seputembala ndinatulutsa ampulifaya pabwalo masana, dzuwa lili pamutu, ndinailumikiza ku mabatire obwereka. Mita inawerenga pafupi ndi sikisi, monga anenera mwana uja. Ndinaika chala. Chinathawa pa seveni. Ndinadziwa tanthauzo lake, poti amene anandiphunzitsa sananene mophiphiritsa. Ndinabweza kapoti pang'ono kuti mpopi uchepe. Madzulo ake a Mukhuna anabwera kudzamvera, kunja kutazizira, ndipo anakwinya nkhope. "Bwanji mawu akukanda? Mwezi watha inkalira bwino." Ndinabwezera kapoti pamalo pake. Kawiri konse ndinatsegula bokosi la machesi lija, kawiri konse ndinalitseka. Ndikanaika kanyaliko, Esinati akanadzakaona kakuyaka tsiku lina. Chimene chinandiletsa ndi chimenecho, palibe china. M'malo mwake ndinaboola mabowo makumi atatu pamwamba pa bokosi kuti mpweya wotentha uzituluka, n'kudziuza kuti zakwana.

Okutobala 2019

Tsikulo linacha lopanda mtambo. Ndinafika m'mamawa, ndinaika ampulifaya pa katebulo pafupi ndi gome, sipika imodzi m'kati, ina pa mtengo wa kunja. Jenereta inachokera kwa mwini chigayo, yakale, yotsokomola. Tchalitchi chinalibe siling'i, malata anali atayamba kale kulira ndi kutentha. Ndinkafuna kukhala pampando pafupi ndi katebuloko, dzanja lili chire. A Mukhuna anakana. "Lero ndinu mlendo wolemekezeka. Mukaima nafe panja pa mzere, tilowe limodzi ndi abusa." Ndinapita. Tinaima padzuwa nthawi yaitali kudikira alendo a kutali.

Titalowa anandikhazika pa benchi ya kutsogolo, mbali ina ya gome. Nditakweza maso ndinaona katebulo kanga. Ampulifaya sinkaoneka. Inali itafunditsidwa nsalu yoyera yopetedwa maluwa, yotsika mpaka pansi, pamwamba pake pali botolo la maluwa apulasitiki. Mabowo anga makumi atatu onse anali pansi pa nsaluyo.

Anaika ndi mayi Nasiyani, mayi wamasiye amene kwa zaka zambiri ankasamala nsalu za mpingo. Kwathu tsiku lalikulu palibe chinthu chimaima maliseche pamaso pa mpingo. Gome limavala, tebulo la Mgonero limavala, ngakhale ndowa ya madzi imavala. Iwo anaona bokosi la chitsulo lobooledwabooledwa, nalichitira ulemu.

Kuti ndifike pamenepo ndinayenera kudutsa pakati pa abusa ndi mpingo. Abusa anali atayamba kale kupemphera. Munthu sadutsa pamenepo pemphero lili m'kati, makamaka nkhalamba yovala jekete imene yakhazikidwa kutsogolo. Ndinati ndidikire nyimbo. Pemphero linatalika. Onse anatsinzina, ine maso ali pa nsalu. Kunja jenereta inakweza mawu, babu la pamwamba pa gome linawala kwambiri. Ndinamva kamng'ung'udzo mu sipika, kochepa, koti wina aliyense sakanakamva. Atati ameni, abusa sanaitanitse nyimbo, anangotambasula pepala. "Tiyambe ndi mayina, poti anthu akupsa ndi dzuwa panjapo." Kunja kunamveka nthungululu.

Ndinadzuka theka. A Mukhuna anandigwira mkono. "Khalani, dzina lanu lili koyambirira." Ndinakhala. Ana anga, ndinakhala. Fungo linandipeza pa dzina lachisanu ndi chinayi. Ndimalidziwa fungo limenelo, ndinalinunkhiza pa zipangizo za anthu ena moyo wanga wonse. Pa dzina lakhumi ndi chiwiri masipika onse awiri anabangula kamodzi ngati ng'ombe, kenako zii. Utsi unatuluka pansi pa nsalu. Amayi a kwaya anathawira kukhomo, wina anathira madzi a mu jagi ya abusa.

Mayina otsala abusa anawerenga ndi pakamwa pokha. Anali oposa mazana atatu. A m'kati anamva, a kumbuyo anamva pang'ono, a kunja sanamve kanthu. Anthu anaumba njerwa zaka zinayi, anayenda wapansi kuchokera kumidzi ya kutali, nabwerera osamva mayina awo.

Novembala 2019

Ine palibe anandinena. Aliyense anaona nsalu. Pa mjigo, pa chigayo, pa msika, nkhani inali imodzi: gogo uja anaphimba makina a a Muhiwa. Achinyamata ankamufuulira akamadutsa kuti, "Agogo, tabwerani mufunditse njingayi, yazizidwa!" Mayi Nasiyani anasiya kubwera kutchalitchi. A Mukhuna anandipeza kumunda kwa nandolo nati, "Musadandaule. Tonse tikudziwa kuti chanu sichipsa chokha. Loweruka akuluakulu tikumana, timuchotse pa ntchito ya nsalu, apepese pamaso pa mpingo. Inu mudzangofotokoza za mabowo aja."

Mbiri yanga inali itapulumuka. Chimene ndinayenera kuchita ndi kunena zoona zokhazokha za mabowo, n'kusiya zinazo. Koma chakudya chinkandikanika. Lachinayi ndinakwera pa chulu pamene netiweki imagwira, ndinaimbira Esinati. Anali atamva kale.

"Uli ndi chithunzi chija mu kompyuta?"

"Chilipo, bambo."

"Ikamo nsalu."

"Nsalu siilowa, koma ndingakweze kutentha ngati bokosi latsekedwa. Dikirani." Ndinamva akugogoda pa laputopu. "Mmene munaisiyira, ndi nsalu, yapsa msanga."

"Ikamo kanyali kako, nsalu ikhale pomwepo."

Anagogodanso. "Ikutentha, koma ikugwira. Ikanafika kumapeto."

Ndinati, "Tsopano chotsa kanyali, chotsanso nsalu. Siya jenereta ndi malata."

Anagogoda kachitatu. "Ikupsabe, bambo. Mochedwerako, koma ikupsa. Kompyuta ikhoza kuphonya mphindi, koma kumene mzere ukulowera n'komweko." Kenako anati, "Ine sindiuza munthu."

Akanandinyoza zikanandipepukira. Ndinatsika pa chulu. Lachisanu lonse ndinakonza mawu a mitundu iwiri m'mutu mwanga, ndipo mpaka ndikulowa m'chipinda cha akuluakulu Loweruka sindinkadziwa amene nditulutse.

Mayi Nasiyani anakhala pa mphasa pakona, mutu uli pansi, nsalu yopsa ija ataipinda pamiyendo. A Mukhuna anati, "A Muhiwa, tauzani anthu ntchito ya mabowo." Ndinaimirira. Ndinatulutsa bokosi la machesi m'thumba, ndinakhuthulira kanyali kofiira pa tebulo.

"Ampulifaya ija inali ndi vuto isanavale nsalu," ndinatero. "Mwana wanga analiona mu Ogasiti, anandisiyira mankhwala ake, ndi aka. Ine ndinaliona ndekha mu Seputembala ndi chala changa. Sindinakonze. Nsalu inangofulumizitsa. Popanda nsalu ikanapsabe. Ndikanaika aka, mayiwa akanafunditsa ngakhale bulangete, mayina onse akanamveka."

"Nanga simunakonze chifukwa chiyani?" anafunsa a Mukhuna.

"Chifukwa anandiuza ndi mwana."

Palibe anaseka. A Mukhuna anavula magalasi. "Ine ndinakaniza anthu kupita ku Migowi chifukwa cha inu." Ndinati ndikudziwa. Ndinatembenukira kwa mayi Nasiyani ndinati, "Mayi, pepani." Anandiyang'ana koyamba. "Masabata atatu, a Muhiwa," anatero. "Ana akhala akundiimba nyimbo masabata atatu, inu muli kumunda." Anatambasula nsalu ija kuti onse aone chibowo chakuda pakati. "Ndinaipeta miyezi iwiri ndi maso anga okalambawa. Mawa mukanene zomwezi m'tchalitchi, osati muno mobisika." Ndinakanena. Ndinaima pamalo pomwe panali katebulo paja, wopanda chokuzira mawu, ndipo ndinakweza mawu kuti a kumbuyo amve.

Mpingo unasonkha n'kugula zokuzira mawu za m'sitolo. Sanandifunse maganizo, ndipo zikavuta amaitana munthu wa ku Migowi. Ndalemba izi kuti mudzazimve kwa ine, osati pa chigayo.

Zimene zinatayika ndi izi. Matiranzisita akuluakulu anayi. Maresisita asanu ndi limodzi. Masipika awiri a a Kachingwe, amene sadzapezekanso. Nsalu imodzi ya miyezi iwiri. Masabata atatu a mayi wosalakwa. Mayina oposa mazana atatu amene eni ake sanawamve. Ndi mawu aja akuti cha a Muhiwa sichipsa, amene ndinawasunga zaka makumi anayi, n'kuwataya ndekha ndi pakamwa panga Loweruka limodzi.